Mpheta Zinachonga Masamu a Ipyana

Ku sekondale anzanga ankanditcha Wailesi Yopanda Mabatire. Zaka zinayi zonse sindinakwezepo mkono m'kalasi, ngakhale tsiku limene njuchi inalowa m'bulauzi langa. Zotsatira za Fomu 4 zitatuluka ndinapeza mapointi 24, ndipo anthu kwathu ku Hara anayamba kunena kuti kukhala chete kuja kunali kuganiza. Sindinawatsutse. Kutsutsa munthu kumafuna kutsegula pakamwa.

Ine ndine Tusekile. Mng'ono wanga ndi Ipyana, wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo Mulungu pogawa mawu anamupatsa ake ndi anga omwe. Akaseka ku mjigo, amama amadziwa ali kunyumba kuti madzi achedwa lero. Mayeso a Sitandade 8 anakhoza, koma anamusankhira ku sukulu yoyendera ya pafupi ndi kwathu, kumene m'kalasi mwawo muli ana 94 ndi mabuku a masamu asanu ndi limodzi. Sanalire. Anangosiya kuimba posamba kwa sabata yathunthu, ndipo kwa Ipyana kumeneko n'kulira.

Lamulungu lina mu Okutobala adada anabwera kuchokera ku tchalitchi akuyenda mofulumira, pepala lili m'manja. Sukulu ya atsikana ya mishoni, yogonera komweko, ya kufupi ndi ku boma, inali ndi malo asanu a Fomu 1. Ana ena amene anasankhidwa sanapite, temu inali itadya kale mwezi, ndiye akuluakulu a sukulu anakonza mayeso apadera odzazira malowo: masamu, Chingerezi ndi sayansi, Loweruka la sabata yachitatu. Amalume a ku Mzuzu anali atavomera kale pa foni kuti za fizi n'zawo, bola mwana akhoze.

Ipyana anawerenga pepalalo mokweza katatu, mpaka a nyumba yoyandikana nayo anafunsa kuti mayesowo ayamba nthawi yanji.

"Tusekile," adada anatero, "wophunzira pakhomo pano ndiwe. Umukonze mng'ono wakoyu. Makamaka masamu, ndi amene anamugwetsa."

"Yewo, adada," ndinayankha, kapena ndinaganiza kuti ndayankha.

Vuto linali mpunga. Ku sikimu yathu yothirira timalima kawiri pachaka, ndipo wachilimwe unali utangobereka, njere zikadali zamkaka, nthawi imene mpheta zimabwera ngati zalandira kalata yoziitana. Tili ndi mapuloti awiri ogundana, ngalande ikudutsa pakati. Kumapeto kwa puloti iliyonse kuli nsanja ya mitengo yofolera ndi udzu, pokhala munthu wopirikitsa mbalame. Kuchokera pa nsanjapo zingwe zimayenda pamwamba pa mpunga, zitamangiriridwa zitini zokhala ndi timiyala. Ukakoka chingwe zitini zonse zimalira, mbalame n'kudzuka. Anthu ena amawonjezera kukuwa. Ine ndimangokoka.

M'mawa pa nsanja ya Ipyana pankakhala amama. Iye akaweruka ku sukulu cha m'ma 2 koloko ankawalandira, n'kukhalapo mpaka mbalame zitapita kokagona. Tikafika kunyumba kunali kutunga madzi, kutsuka mbale ndi tulo. Choncho kalasi yathu inayenera kukhala kumunda, mphunzitsi kuno, wophunzira uko, pakati pathu mapuloti awiri.

Tsiku loyamba ndinayesa ndithu. Ndinaimirira pa nsanja, ndinakoka mpweya, ndinafuula funso loyamba m'Chingerezi. Funsolo linayenda pang'ono n'kugwera m'ngalande.

"Mwati chiyani, asisi?" Ipyana anakuwa, ndipo mbalame za m'mapuloti anayi zinadzuka.

Puloti yoyandikana ndi yanga ndi ya a Keziya, mayi wa ana asanu amene amagulitsa mpunga wa m'ndowa m'mphepete mwa msewu. Sukulu analekera Sitandade 5, koma pakamwa sanalekere paliponse.

"Tuse, ukupemphera kapena ukuphunzitsa?" anafunsa ali pa nsanja yawo. "Ngati n'pemphero tiuze, titseke maso."

Ndinakhala pansi. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi.

Ndiye ndinapeza nzeru, ndipo ndivomere kuti ndinanyada nayo. M'mawa ndili pa nsanja ndinkalemba mafunso makumi awiri m'kope. Ipyana akafika ndinkamupatsa kopelo, iye n'kupita nalo ku nsanja yake. Ankawerenga funso mokweza, kuwerengetsa, n'kukuwa yankho. Tinapangana kuti akakhoza ine ndizikoka chingwe, zitini zilire. Akalakwa ndizikhala chete, iye ayambirenso. Kukhala chete ndi ntchito imene ndinali ndi satifiketi yake.

Masiku atatu oyamba zinayenda bwino zedi. Sayansi ndi Chingerezi Ipyana ankangodutsa. Sikimu yonse inaphunzira naye. A Keziya atamva kuti mtima uli ndi zipinda zinayi anati tsopano amvetsa chifukwa chake malemu amuna awo ankatha kusungamo akazi atatu, china n'kukhala cha alendo.

Chimene sindinaganizire chinali mawu a Ipyana. Akamakuwa mayankho, mbalame zonse za kwake zinkathawira kwanga.

Tsiku lachinayi tinafika pa mafulakishoni.

"Wani ova thuu pulasi wani ova firii!" Ipyana anawerenga. Panapita kanthawi. "Thuu ova faifi!"

Anali ataphatikiza manambala a pamwamba paokha, a pansi paokha. Zolakwika. Yankho lake ndi faifi ova sikisi. Ndinapinda manja kuti ndikhale chete monga mwa pangano. Nthawi yomweyo gulu la mpheta linatsika ngati utsi n'kutera pakona ya puloti yanga, mpunga ukuwerama ndi kulemera kwake. Mpheta zikakhala pa mpunga wamkaka mphindi zochepa chabe zimasiya mankhusu okhaokha. Ndinayang'ana mbalame. Ndinayang'ana Ipyana ataweramira kope, akudikira kumva. Ndikanatha kukuwa kuti mbalame zithawe popanda kugwedeza zitini. Ndikanatha kukoka chingwe kenako n'kufuula kuti walakwa. Zonse ziwiri zinkafuna mawu, a Keziya ali pomwepo makutu ali tcheru.

Ndinakoka chingwe.

"Eyaaa!" Ipyana anavina pa nsanja mpaka inagwedezeka. "Kani n'zophweka chonchi! Aphunzitsi athu amangozikulitsa!"

Ndinadziuza kuti ndimufotokozera tikamapita kunyumba. Koma njira yonse ankadumphadumpha patsogolo panga, ndipo tisanalowe n'komwe pabwalo anali atalengeza kale.

"Adada, lero twente pa twente!"

Adada anandiyang'ana mmene sanandiyang'anepo. Pa chakudya anatenga mutu wa nsomba, umene nthawi zonse umakhala wawo, n'kuuika m'mbale yanga. Ndinaudya. Unali wokoma, ndisaname.

M'mawa mwake ndinalemba mafunso ena a mtundu womwewo, ndili ndi cholinga chabwino choti lero akalakwa ndikhaladi chete. Koma mbalame sizidziwa pangano. Nthawi zina ndinkapirira, Ipyana n'kuyambiranso, kusintha nambala imodzi mongoyesa, n'kukuwa yankho lina lolakwika kuposa loyamba, ndipo pomwepo mpheta zinkatera. Pofika sabata yachiwiri anali ndi malamulo ake a masamu amene sali m'buku lililonse, onse ovomerezedwa ndi zitini. Ine tsiku lililonse kunena kunkavutirapo, chifukwa kuulula za lero kunali kuulula za dzulo ndi za dzana. Mmalo mwake ndinayamba kuchepetsa mafunso a mafulakishoni n'kuchulukitsa a sayansi, kuti ndizinama pang'ono patsiku. Pa nthawiyo ndinkaona ngati ndikukonza zinthu.

Lachiwiri la sabata yomaliza, mayeso atatsala masiku anayi, tinakumana ndi a Keziya pa ngalande tikutsuka matope kumapazi.

"Iwe Ipyana," anatero, "nyimbo yako ya ova ova ija yandilowa m'mutu, ndayamba kuilota. Tandiuza m'chilankhulo cha anthu, umakhala ukunena chiyani?"

Ipyana anakondwa kupeza wophunzira. "N'zosavuta, anti. Tinene kuti muli ndi theka la ndowa ya mpunga. Ine ndikuwonjezerani gawo limodzi mwa magawo atatu a ndowa. Zonse pamodzi zikhala magawo awiri mwa asanu."

A Keziya anathyola kamtengo, anajambula ndowa m'matope, n'kuidula mizere. Anayang'ana kwa kanthawi, atapendeketsa mutu.

"Magawo awiri mwa asanu safika n'theka lomwe," anatero. "Ndiye ndinali ndi theka, iwe wandiwonjezera, mpunga wanga wachepa? Amene anakuphunzitsa zimenezo asadzayandikire ndowa zanga."

"Ndi masamu a ku sukulu, anti, si a pa msewu. Asisi anandichongera okha." Anatembenukira kwa ine. "Eti, asisi?"

Ndinayang'ana mapazi anga m'madzi. Anali oyera kale, koma ndinapitiriza kuwatsuka.

"Asisi?"

"Zinali mbalame," ndinatero.

"Mwati?"

"Ndinkakokera mbalame. Iwe unkalakwa."

"Kangati?"

"Sindinawerenge."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku lachinayi."

A Keziya anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mwe! Mwana wa eni waphunzitsidwa ndi mpheta!" Kenako anaona nkhope ya Ipyana, anasiya kuseka, anatola khasu lawo n'kumapita.

Ipyana sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa. Analankhula motsitsa, mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

"Mukanangonena, asisi. Liwu limodzi lokha, walakwa. Ngakhale kundigenda ndi dothi ndikanamva. Inu munaphunzira kale, muli ndi pepala lanu. Ine mwayi wanga ndi womwewu."

Ndinafuna kunena kuti pepa. Ndinatsegula pakamwa, koma iye anali atayamba kale kuyenda. Kunyumba adada atafunsa kuti lero wakhoza zingati, anangoti, "Lero sitinawerenge," n'kunyamula ndowa kupita ku mjigo.

Lachitatu, Ipyana atafika kumunda, ndinatsika pa nsanja yanga, ndinawoloka ngalande, n'kukakwera pa yake. Anasendera osandiyang'ana. Ndinathyola phesi la udzu, ndinalidula zidutswa zisanu ndi chimodzi zofanana, n'kuziyala pa kope.

"Theka ndi zidutswa zingati?"

"Zitatu."

"Gawo limodzi mwa atatu?"

"Ziwiri."

"Zonse pamodzi?"

Anawerenga ndi chala. "Zisanu. Zisanu mwa zisanu ndi chimodzi." Anaziwerenganso. "Kani mumatha kuphunzitsa," anatero, ndipo sikunali kundiyamikira.

Pafupi chonchi mawu anga ankakwana. Chovuta chinali kuchotsa zakale. Njira yolakwika ija anali ataiimba mokweza kwa sabata ziwiri, inalowa ngati nyimbo ya kwaya. Ankamvetsa bwinobwino ndi zidutswa za udzu, koma ndikangomupatsa funso la manambala okha, dzanja linkathamangira kuphatikiza za pamwamba paokha. Tsiku limenelo ndinanena kuti "walakwa" kakhumi ndi kamodzi. Ndinawerenga, chifukwa lililonse linkandituluka ngati munga wa nsomba.

Kumbuyo kwathu puloti yanga inali yopanda mlonda. Ndinkazimva mpheta zikuchita phwando, phokoso lake ngati mafuta akuwira m'chiwaya. A Keziya ankayesa kukuwira mbali yanga, koma nawo anali ndi mpunga wawo. Sindinacheuke. Lachinayi chimodzimodzi, Lachisanu chimodzimodzi.

Lachisanu lomwelo adada, amene amagwira ntchito pa chigayo cha mpunga, anaweruka msanga n'kudzera kumunda. Anapeza mbali yonse ya kumtunda kwa puloti yanga itayera, ngala zili njo, zopanda kanthu m'kati.

"Chachitika n'chiyani kuno?"

"Asisi asamukira kwanga kuti tiphunzire bwino," Ipyana anayankha msanga, ine ndisanayambe n'komwe kusowa mawu.

Adada anafikisa ngala imodzi m'manja, mankhusu n'kuuluka.

"Chabwino. Mpunga tidzalimanso. Mwana akalowe sukulu." Kenako anakweza mawu kuti oyandikana nawo amve. "Mwamuona Tusekile, a Keziya? Salankhula, koma mtima ali nawo."

A Keziya anatsokomola n'kuyamba kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula mu Okutobala.

Loweruka tinakwera minibasi m'mamawa, kudutsa pa Mwenilondo mpaka ku boma. Pa sukulupo tinapeza atsikana oposa makumi asanu ndi limodzi, onse akufuna malo asanu omwewo. Ena anabwera pa galimoto ndi makolo awo, atanyamula zolembera zitatuzitatu. Ipyana anali ndi cholembera chimodzi ndi pensulo yanga ya ku Fomu 4. Polowa m'holo sanandiyang'ane, koma anandisiyira juzi yake kuti ndimusungire.

Ndinadikira pansi pa mtengo wa mango kwa maola atatu. Mayi wina, namwino wochokera ku Zomba amene anabweretsa mwana wake, anayesetsa kucheza nane. Anandifunsa kwathu, anandifunsa mapointi anga, anandiuza za kutentha kwa Karonga ngati ine ndi mlendo. Ndinayankha zonse ndi mutu, mpaka anandifunsa mwachifundo ngati ndimamva Chichewa.

Ipyana anatuluka cha m'ma 12 koloko, inki ili pachibwano.

"Chingerezi n'chamasewera. Sayansi ndapha."

"Masamu?"

"Analipo."

"Mafulakishoni?"

"Mafunso asanu ndi limodzi. Anayi ndinachita mwa udzu muja, pang'onopang'ono. Kenako anati kwatsala mphindi ziwiri." Anandilanda juzi. "Awiri omaliza dzanja linangolemba za mbalame. Ndinazindikira atatenga kale pepala."

M'minibasi anagona atatsamira phewa langa. Mwina anaiwala kuti wandikwiyira, mwina linali phewa lokhalo limene linalipo.

Uthenga unafika pa foni ya adada Lachitatu lotsatira. Ipyana anakhala nambala sikisi. Adada anaimba kuti amve bwino, ndipo mphunzitsi amene anayankha anati Chingerezi ndi sayansi mwanayo anaposa pafupifupi onse, koma masamu anamutsitsa. Anasiyana ndi wachisanu ndi mamalikisi atatu. Funso lililonse la mafulakishoni linali la mamalikisi awiri. Masamu amenewo ndinawachita ndekha mumtima, ndipo ndinakhoza. Mphunzitsiyo anatinso ngati mmodzi mwa asanuwo sadzafika pofika Lolemba, adzatiimbira.

Masiku asanu amenewo ndinapempherera ana a anthu zinthu zimene sindingalembe pano. Lolemba onse asanu anafika.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, adada anakhala pa khonde n'kuitana Ipyana. Ine ndinali pambali ndikusenda chinangwa.

"Mkulu wako wataya mpunga chifukwa cha iwe," anayamba. "Tsiku lililonse twente pa twente, twente pa twente. Kukafika kumalo enieni n'kumaseweretsa. Ndimakudziwa iwe, unkangoyang'ana nsapato za anzako. Mwayi ngati umenewu suwirikiza, ukumva?"

Ipyana anagwada pomwepo, maso ali pansi. Ndinadikira kuti anene. Anali ndi mawu okwanira kuuza mudzi wonse, ndipo anali ndi mboni, a Keziya. Sananene kanthu.

"Adada," ndinatero.

Sanamve. Anapitiriza za nsapato.

Ndinaika mpeni pansi, ndinapita kukagwada pafupi ndi Ipyana.

"Adada, si iyeyu. Ndine."

Ndinafotokoza zonse, za pangano la chingwe, za tsiku lachinayi, za mafunso amene ndinkachepetsa dala, za chifukwa chenicheni chimene ndinasamukira ku nsanja yake. Mawu penapake ankatha, koma ndinafika kumapeto. Amama anali ataima pakhomo la khitchini, chipande chili m'manja. Ndikuganiza kuti m'moyo wawo wonse anali asanandimvepo ndikulankhula nthawi yaitali choncho, ndipo n'zachisoni kuti nkhani yake inali imeneyi.

Adada anatembenukira kumsewu.

"Mpunga wapita, sukulu yapita," anatero. "Pamunda ponse paja zakhoza ndi mbalame zokha."

Palibe anaseka. Kenako anaika dzanja pamutu pa Ipyana.

"Pepa, mwana wanga. Ndakulakwira."

Ndinali ndisanawamvepo adada akupepesa munthu, ngakhale ng'ombe yathu italowa m'dimba la abusa. Ipyana pamenepo ndi pamene analira, mokweza ngati kale, mpaka agalu a kwa oyandikana nawo anayankha.

Kwa ine adada sananene kanthu. Sanandikalipire, sanandimenye. Anangokhala masiku atatu osandilankhula. Ndikawapatsa madzi osamba ankangogwedeza mutu, ndikawafunsa kanthu ankaloza ndi chala. Ndi pamene ndinadziwa mmene anthu amamvera akakhala ndi ine.

Ipyana akadali ku sukulu yoyendera ija. A ku mishoni anati nthawi zina malo amapezeka a Fomu 2, koma sanalonjeze, ndipo amalume a ku Mzuzu masiku ano sayankha foni msanga. Ipyana sananenepo kuti wandikhululukira, ine sindinafunse. Amangoti akaweruka amaponya kope pamiyendo panga n'kukhala pa mkeka womwewo, pafupi kwambiri moti bondo lake limandipweteka. Dzulo anabwera ndi mapesenti. Anakhoza asanu ndi awiri pa khumi, ndipo atatu enawo ndinamuuza kuti walakwa.